Tinapita ku Siavonga Kukafunsa za Magetsi Athu

Mkangano umene unatitengera ku Siavonga unayambira pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa nyumba imene ndicita lendi m'komboni ya Garden muno mu Lusaka. Unali mwezi wa Okutobala caka ca 2024. Inu a kumudzi caka cimeneco mucikumbukira kaamba ka cimanga cimene cinapserera m'minda cisanabereke, koma ife a m'tauni ticikumbukira kaamba ka mdima. Magetsi, amene kuno timawachula kuti malaiti, anali kupita maola okwana 21 pa tsiku, ndipo akati abwere anali kubwera pakati pa usiku, anthu ali mtulo.

Pafupi ndi ine pakhala bambo wina wacikulire amene nchito yake ndi yowocherera zitseko ndi mawindo a zitsulo m'mbali mwa mseu wa Katima Mulilo. Miyezi imeneyo bamboyu anali atauza anyamata ake atatu kuti ayambe akhala kunyumba, pakuti panalibe cowalipira. Mkazi wanga nayenso anali atataya nkhuku zogulitsa zimene zinaonongekera m'firiji. Motero madzulo ali onse amuna tinali kukhala pansi pa mango uja kudandaula, ndipo wowocherera zitsuloyo ndiye anali ndi mau akulu kuposa tonse. Iye anati madzi alimo mu Kariba, cifukwa mwana wa mlongo wake anamuonetsa cithunzi pa foni, nyanja iri tho kufikira kumene maso alekeza. Anati nkhani ya cilala ndi yongotitseka nayo pakamwa.

Tsiku lina anatembenukira kwa ine nati, "Nanga inu amtolankhani, mumalemba kuti madzi acepa, munakawaona?"

Ndinasowa coyankha. Ndinali nditalemba nkhani zingapo za kucepa kwa madzi a mu Kariba, zonse zocokera m'mapepala amene amatifikira ku ofesi, koma phazi langa linali lisanapondeko. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo ndiwo anabala ulendowu. Amai a cilimba a mumzera wathu atamva anati nawonso apita, akagule kapenta. Tinasonkha ndalama anthu 14, tinapangana ndi mwini minibasi, ndipo tinasankha pa 24 Okutobala, tsiku limene dziko lathu linali kukwanitsa zaka 60 za ufulu.

Ndinali ndi cifukwa cina cimene sindinauze anzanga. Agogo anga aamuna, obala amai, anacoka kwathu ku Katete ali mnyamata kukagwira nchito yomanga cipupa ca Kariba. Ndiri mwana ndinali kumva nkhani zao pamoto, koma ndinali kuziyesa nthano monga za kalulu ndi fisi.

Tinanyamuka m'mbandakuca. Kucokera ku Lusaka kufika ku Siavonga pali makilomita pafupifupi 200. Titaoloka mlatho wa Kafue tinasiya mseu wa ku Livingstone kudzanja lamanja, ndipo tinayamba kutsika mapiri opita ku Chirundu, kumene malole akulu-akulu amayenda pang'ono-pang'ono monga ng'ombe zotopa. Tisanafike pa Chirundu tinakhotera kumanja. Apa dziko linasintha: milambe, mbuzi, nthaka yofiira yopanda udzu ndi maenje akulu okumbidwa ndi madzi a mvula. Cikwangwani cina cinati Lusitu. Palibe mmodzi wa ife amene anacisamala.

Tinafika nthawi ya 8 koloko, dzuwa litayamba kale kuluma. Wotiperekeza, amene tinapangana naye pa foni kupyolera ku nyumba ina ya alendo, anali kutiyembekezera pa siteshoni. Anali mwamuna wa msinkhu wanga, Mtonga wa komweko, wolankhula Cinyanja cabwino cifukwa anakhalako zaka zingapo ku Chawama. Anatiuza kuti adzayenda nafe kufikira 13 koloko basi, popeza nthawi imeneyo ikapitirira m'mwezi wa Okutobala ngakhale mbuzi zimabisala.

Poyamba anatikweza pamwamba pa phiri kuti tione tauni yonse. Siavonga ndi tauni yomangidwa pa mapiri ndi zitunda zimene mapazi ake ali m'madzi. Palibe mseu woongoka. Nyumba zina zaima pamwamba pa zinzake, ndipo kunsi m'mbali mwa madzi ndiko kuli mahotela ndi nyumba za alendo kumene anthu a ndalama a mu Lusaka amapita kukapumula ndi kukacita misonkhano. Koma maso athu sanakhalitse pa nyumba. Kutsogolo kwathu kunali madzi, madzi okhaokha, obiriwira, ndi zilumba apa ndi apo, ndipo kutsidya mapiri a ku Zimbabwe anali kuoneka ngati utsi. Amai ena anaomba m'manja. Nyanjayi ndi yotalika makilomita oposa 220, ndiko kunena kuti iposa mtunda wonse umene tinayenda kucokera ku Garden, ndipo pena itambalala makilomita 40. Pa nyanja zonse zopangidwa ndi anthu pa dziko lapansi palibe ina yosunga madzi ambiri kuposa iyi.

Wowocherera zitsulo uja anavula cisoti nandiloza naco. "Amtolankhani, si awo madzi? Lembani tsopano!"

Kunena zoona, mtima wanga unagwa. Ndinayamba kuganiza kuti mwina ndinali kulembera anthu zabodza miyezi yonseyi. Wotiperekeza anangomwetulira nati, "Atate, funso lanu ndalimva. Lisungeni, ndidzakuyankhani tikafika pa cipupa."

Tinatsikira ku dooko la asodzi a kapenta. Mabwato ao ndi a zitsulo, afulati, ndipo liri lonse liri ndi mkono wautali wonyamula ukonde wozungulira ndi nyale. Amapha usiku: nyale ikayaka pamwamba pa madzi, tinsombato timasonkhana, ndipo ukonde umakwezedwa. Mmawa amatiyanika pa matandala. Amai amene mumasiyanitsa kapenta wa Siavonga ndi wa Mpulungu pamsika mudziwe kuti mbeu yake inacokera kumodzi. Mu Zambezi munalibe kapenta. Anamtenga ku nyanja ya Tanganyika m'zaka za 1967 ndi 1968 namuthira mu Kariba, ndipo kuno amakhwima ali wamng'ono. Amai a cilimba anatha theka la ola akunenerera mtengo, ndipo anabwerako akudandaula kuti sunasiyane kweni-kweni ndi wa ku Soweto Market.

Pamene iwo anali kugula, wotiperekeza anatenga ife amuna natiimika pa mwala wina umene unali ndi mzera woyera pamwamba pa mitu yathu. Anati pamenepo ndipo pamafika madzi nyanja ikadzala. Kucokera pa mwalawo tinayenda pa matope ouma ong'ambika-ng'ambika, ndipo ndinawerenga mapazi oposa 100 tisanafike pamene madzi anali tsiku limenelo. Bambo uja anayang'ana mzerawo nthawi yaitali, koma anati zimenezo sizitanthauza kanthu, madzi otsalawo ndi ambiri ndithu.

Cipupa ciri makilomita owerengeka kucokera m'tauni, ndipo pamwamba pake ndi pamene papita mseu wolowa m'dziko la Zimbabwe. Kaamba ka ici tinayamba taonetsa zitupa zathu kwa a zolowa ndi kutuluka m'dziko, ndipo anatilola kuyenda ndi miyendo kukafika pakati. Cipupaci ndi cokhota ngati uta, msana wake utaloza ku nyanja, ndipo kutalika kwake kucokera pansi ndi mamita 128. Mbali imodzi madzi ali phee. Mbali inayo kuli phompho lakuti ukasuzumira miyendo imanjenjemera, ndipo pansi pake Zambezi amaturuka ali wocepa ngati mtsinje wamba. Amai awiri anakana kusuzumira, anangokhala pansi pakati pa mseu.

Pali zitseko zisanu ndi cimodzi zotayira madzi nyanja ikadzala kopitirira. Wotiperekeza anatiuza kuti madzi ogwa kucokera m'zitsekozi anakumba dzenje m'thanthwe lakuya mamita pafupifupi 80 kunsi kwa cipupa, kotero kuti akatswiri anaopa kuti lidzafika pa maziko. Nchito yokonza dzenjelo inayamba mu 2017. Tsiku limene ife tinali pamenepo zitseko zonse zinali zotseka, zouma gwa.

Ndipo anaitana bambo uja. Anamufunsa ngati ali ndi mgolo wa madzi kunyumba, ndipo anati ali nao. Anamufunsanso kuti, mgolowo utabooledwa ndi kuikidwa pompi pafupi ndi kukamwa kwake, madzi akatsika kupitirira pompiyo angatunge bwanji. Bamboyo anati sangatunge, ngakhale mgolo ukhale wolemera. Wotiperekeza anati Kariba ali cimodzimodzi. Makina opanga magetsi ali m'kati mwa phiri, ndipo madzi amawafikira kupyolera m'makamwa amene ali m'mwamba. Madzi ogwira nchito ndi a pamwamba okha, mamita 13, kuyambira pa muyeso wa 475.5 kufika pa 488.5. A pansi pa muyeso umenewo ndi a nsomba ndi ng'ona. Mwezi umenewo pa mamita 13 aja panali patatsala pafupifupi mita imodzi yokha, ndipo iyonso inali yogawana pakati ndi pakati ndi anzathu a ku Zimbabwe, monga mwa malamulo a bungwe la Zambezi River Authority limene maiko awiriwa anakhazikitsa mu 1987. Pa makina asanu ndi limodzi a ku mbali ya Zambia, amodzi okha ndiwo anali kuzungulira.

Anaonjeza kuti mvula yogwa pa Siavonga siidzaza nyanjayi. Madzi ake amacokera kutali, ku Mwinilunga kumene Zambezi ayambira, ku Angola ndi ku cigwa ca Bulozi, ndipo amayenda miyezi asanafike pa cipupa. Cilala cimene cinapha cimanga canu, cimene Mtsogoleri wa dziko Hakainde Hichilema anacilengeza pa 29 Febuluwale 2024 kuti ndi tsoka la dziko lonse, ndico comweco cinazimitsa nyale zathu mu Garden.

Bambo uja ndi munthu wa makina, ndipo anamvetsa msanga kuposa ine. Anakhala cete, kenaka anafunsa kuti, ngati ziri tero, cifukwa ninji dziko lonse linadalira madzi okha zaka zonsezi. Wotiperekeza anaseka nati funso limenelo abwerere nalo ku Lusaka, pakuti iye ndi woonetsa alendo cabe. Ine ndiona kuti funsolo linali la nzeru. Panthawiyo magawo oposa 80 pa 100 a magetsi a dziko lathu anali ocokera ku madzi, ndipo mlimi ali yense adziwa cimene cimagwera banja lodzala mbeu imodzi.

Anzanga atayamba kujambulana ndi mafoni, ine ndinapatuka pang'ono ndi kuika dzanja pa simenti yotentha ija. Cipupaci cinamangidwa kuyambira 1955 kufika 1959, m'masiku a Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo kampani imene inacimanga inali Impresit ya ku Italy. Anchito akuda anacokera kutali, ambiri ku Nyasaland ndi kwathu kum'mawa. Agogo anali kutiuza za cigumula ca 1958, cimene cinaposa ca 1957, mmene madzi anakwerera usiku ndi usana mpaka anakokolola mlatho, ndi mmene Atonga anali kunenera kuti Nyaminyami, mzimu wa mtsinjewo, wakwiya. Anali kutiuzanso za anzao amene anagwera m'simenti yaiwisi osaturutsidwamo. Ife ana tinali kuseka, kuyesa akutiopseza. Anthu amene anafa pa nchitoyi anali 86. Dzina lakuti Kariba amati linacokera ku liu la Cishona lotanthauza kamsampha ka mwala, ndipo nditamva ndinakumbukira diwa limene tinali kuchera mbewa kumudzi. Agogo sanali kunena Kariba, anali kunena Kaliba, ndipo anabwerako ndi njinga, bulangeti ndi cifuwa cimene sicinawasiye mpaka imfa.

Cipupaci cinatsegulidwa mu Meyi 1960 ndi amai ake a Mfumukazi Elizabeth. Makina onse oyamba anaikidwa kutsidya, ku Southern Rhodesia, ngakhale kuti magetsi ambiri anali opita ku migodi yathu ya kopa. Ian Smith atalanda ulamuliro mu 1965, Zambia inapezeka kuti moto wake uli m'manja mwa mdani. Ndico cifukwa cake Boma la Dr Kenneth Kaunda linafulumira kumanga malo opangira magetsi ku Kafue Gorge, ndiponso makina anai a mbali yathu ya Kariba amene anayamba kugwira nchito mu 1976 ndi 1977. Ena awiri anaonjezedwa mu 2013 ndi 2014.

Ola lotsiriza linali la bwato. Ambiri a ife tinali tisanakwerepo, ndipo amai wina anayamba nyimbo ya ku chalichi injini isanalire n'komwe. Tinapita ca pakati, tinaona mvuu ziwiri ndi zikwere zazikulu zoyandama m'mene makampani amawetera nsomba. Tauni inaoneka bwino kucokera pamadzi kuposa pamtunda, nyumba zoyera zitabalalika m'mapiri ouma. Kenaka wotiperekeza anapempha woyendetsa kuti azimitse injini.

Anati alendo ambiri amafuna mowa ndi zithunzi basi, ndipo sawauza zimene anafuna kutiuza ife, koma popeza tinabwera ndi funso anaona kuti tingamve. Anatiuza kuti pansi pa bwato lathu panali midzi. Atonga a m'cigwa ca Gwembe anali kukhala m'mbali mwa Zambezi, ndipo anali kukolola kawiri pa caka: mbeu za mvula, ndi zina zodzala m'nthaka yonyowa madzi a mtsinje akaphwera, monga madimba athu. Cipupa citatsekedwa kumapeto kwa 1958, madzi anayamba kukwera, ndipo anthu pafupifupi 57,000 a mbali zonse ziwiri za mtsinje anasamutsidwa. Makolo ake a iye anali anthu a Mfumu Chipepo, kumtunda kwa nyanjayi. Iwo anakana kucoka. Mu Sepitembala 1958, pa mudzi wa Chisamu, amuna onyamula mikondo ndi zibonga anayang'anizana ndi apolisi a Boma la atsamunda, ndipo apolisi anaombera napha anthu asanu ndi atatu. Pambuyo pake anthu pafupifupi 6,000 anakwezedwa m'malole natulidwa ku Lusitu, dziko la eni ake, la nthaka yosabereka ndi madzi osowa. M'miyezi yoyamba ambiri anamwalira ndi matenda, makamaka ana.

Apo ndipo ndinakumbukira cikwangwani cija ndi nthaka yofiira ija.

Panthawi yomweyo kunali nchito ina yochedwa Operation Noah, yopulumutsa nyama zimene zinatsekeredwa pa zilumba madzi akukwera. Nyama pafupifupi 6,000 zinapulumutsidwa, ndipo manyuzipepala a ku Ulaya analemba zambiri za nchitoyi, anthu natumiza ndalama. Sindinena kuti kupulumutsa nyama kunali kolakwa. Koma ciwerengero ca nyamazo ndi cimodzimodzi ndi ca anthu a Chipepo amene anatulidwa ku Lusitu, ndipo ine ndinamaliza sukulu ya sekondale ndikudziwa za nyamazo osadziwa za anthuwo.

Inu owerenga a kumudzi mudziwa kulemera kwake kwa manda. Mudzi ungasamuke, koma anthu amabwerera kukalimira manda a makolo ndi kukakhuthula nsembe. Wotiperekeza anati agogo ake aakazi anafa ali kudandaula cinthu cimodzi, kuti amai ao anawasiya pansi pa madzi ndipo palibe njira yopitira kukawaona. M'bwato munali zii. Amai woimba uja anali kupukuta m'maso ndi nsonga ya citenje.

Bambo wowocherera zitsulo, mwina pofuna kupeputsa nkhani, anati caka cimeneci tonse tavutika pamodzi, ife ku Garden maola 21 opanda malaiti. Wotiperekeza anayankha mwaulemu ndithu, osakweza mau. Anati, "Atate, amai anga ku Lusitu sadandaula za maola 21. M'nyumba mwao simunalowepo magetsi ngakhale ola limodzi. Nthambo zopita kwanu amangoziona m'mwamba." Anati anawagulira kanyale ka sola, ndiko amaunikira.

Sindidziwa cimene cinandikakamiza, koma ndinamuuza pamaso pa onse kuti agogo anga anali mmodzi wa omanga cipupaco. Anandiyang'ana kanthawi, nandifunsa kwathu. Nditati ku Katete, anagwedeza mutu nati, "Acimwene, agogo anu anali kufuna ndalama ya msonkho. Amene anajambula cipupa pa pepala sananyamule thumba la simenti ngakhale limodzi." Atatero anauza woyendetsa kuti alize injini, pakuti nthawi inali itatha.

Tinadya nsima ndi nsomba yokazinga pa kanyumba kena pafupi ndi msika, thukuta likugwera m'mbale. Polipira wotiperekeza, bambo uja, amene ulendo wonse anali kuwerengera ngwee iri yonse, anaonjezapo ndalama ya m'thumba mwake, ndipo anatiyang'ana moopseza kuti wina asanenepo kanthu. Pobwerera tinapempha dalaivala kuti ayende pang'ono-pang'ono pa Lusitu. Kufupi ndi pamenepo ndiko kuli Ing'ombe Ilede, kumene mu 1960 anchito okumba malo a thanki ya madzi ya anthu osamutsidwawo anapeza manda akale okhala ndi mikanda ya golide ndi mitanda ya kopa. Tinafuna kupatukirako, koma dalaivala anati mapiri a Chirundu sawakwera usiku. Tinangoona ana akutunga madzi m'mcenga wa mtsinje wouma, ndi nsanamira zazitali za nthambo zikudutsa pamwamba pa midzi kuloza kumpoto.

Tinalowa mu Garden mdima utagwa. Komboni yonse inali bii, kupatula mbaula za malasha pa makomo ndi majenereta awiri atatu pa mabala. Magetsi anabwera ca m'ma 1 koloko usiku. Mkazi wanga anadzuka kukasita zobvala za ana za ku sukulu, ndipo kuseri ndinamva makina a bambo uja atayamba kulira, kuwala kwake kukung'anima pa cipupa ca cipinda cathu. Isanakwane 4 koloko anali atapitanso.

Madzulo ake pansi pa mango panadzala, pakuti amene sanapite anafuna kumva. Anafunsa bamboyo ngati madzi alimo. Iye anati alimo ambiri, ndipo anatuma mwana kukatenga cidebe ndi msomali kuti awaonetse za pompi ija. Asanamalize kufotokoza, mnyamata wina wometa tsitsi anaimirira nati acikulire nawonso awagula, ndipo mkangano unayambiranso pomwepo mpaka udzudzu unatibalalitsa.